ACC yabwerera ku magemu 18, ndipo yachita bwino

Anzanga otsatira basketball ya m'makoleji ku America, nkhani yochulukitsa magemu a mu conference (gulu la makoleji omwe amasewera ligi yawoyawo) ija yatembenuka. Conference ya Big Ten inakweza magemu kuchoka pa 18 kufika pa 20 mu sizoni ya 2018-19, inzake ya ACC (Atlantic Coast Conference) n'kutengera chaka chotsatira, pomwe inkatsegula kanema wake wa ACC Network. A TV amafuna magemu ambiri, ndalama zilowe.

Koma taonani za mu March 2025. ACC, ya matimu 18, inalowetsa matimu 4 okha mu mpikisano wa NCAA, wolimbirana ukatswiri wa makoleji a dziko lonse: Duke, Louisville, Clemson ndi North Carolina, iyi inachita kulowa mokwawa kudzera mu First Four, magemu oyambirira olimbirana malo otsala. Conference ya SEC, yosewera magemu 18, inalowetsa 14! Ukamangopanda matimu ofooka a kwanu komweko, komiti yosankha matimu olowa mu mpikisanowu ingagome nawe bwanji? Magemu awiri owonjezerawo bola kukalimbana ndi timu yamphamvu ya conference ina mu November kapena December.

ACC ndi conference ina ya Big 12 zabwerera ku 18 mu 2025-26. Big Ten ikukakamirabe pa 20, pomwe anyamata a UCLA ya ku Los Angeles amauluka kudutsa dziko lonse kukasewera ndi Rutgers ku New Jersey. Kaya m'kalasi amalowa nthawi yanji.