Zimene ndaphunzira pa ma iPad a ku Los Angeles ndi malaputopu a ku Mooresville

Temu ino pa maphunziro anga a kayendetsedwe ka sukulu tili pa gawo la momwe ofesi ya zamaphunziro ingayambitsire kuphunzira kwa pa intaneti ndi kuphunzira kophatikiza, kumene mwana amaphunzira zina pa kompyuta kapena tabuleti, zina pamaso pa mphunzitsi. Adatiuza kuti aliyense asankhe maboma awiri a zamaphunziro a ku America n'kuwayerekeza. Ine ndidatenga Los Angeles ndi Mooresville, chifukwa onse adapatsa ana makina, koma kwina zidatha ndi apolisi a FBI kubwera kudzatenga mafayilo, kwina ndi pulezidenti kubwera kudzaona.

Ku America sukulu siziyendetsedwa kuchokera ku likulu limodzi ngati kuno kumene silabasi imachokera ku Domasi, mayeso ku MANEB. Kuli maboma a zamaphunziro oposa 13,000, lililonse ndi bodi yake, kawirikawiri yochita kuvoteredwa ndi anthu a m'deralo, ndipo gawo lalikulu la ndalama limachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo. Bodi ikagwirizana zogula makompyuta, imagula basi, popanda kudikira kalata ya ku unduna. Ikalakwitsa, palibenso woiletsa.

Boma la Los Angeles ndi lachiwiri kukula m'dzikomo, pambuyo pa New York, ndipo nthawi imeneyo linali ndi ana oposa 600,000. Mu June 2013 bodi idavomereza madola 30 miliyoni ogulira ma iPad a sukulu 47 zoyambirira, cholinga chili choti mwana aliyense adzakhale ndi yake, pa ndalama zoposa madola biliyoni imodzi. Mkulu wa boma lija, John Deasy, ankati mwana wa mmphawi ayenera kugwira chimene mwana wa wolemera amagwira kunyumba. Mtima wake pamenepo sindikuutsutsa. Koma taonani mmene zidayendera. Ndalama adazitenga ku ngongole yomangira ndi kukonzera sukulu, ngongole yobweza zaka zambirimbiri, n'kugulira chinthu chimene chimatha pa zaka zochepa. Maphunziro a kampani ya Pearson amene ankayenera kukhala m'ma iPad anali asanamalizidwe. Makiyibodi olembera mayeso sadawawerengere. Patangopita masiku ochepa, ana mazanamazana, ambiri a pa Roosevelt High School, adapeza njira yochotsera loko n'kulowa pa Facebook ndi YouTube. Akafukufuku amene adayendera makalasi 245 adapeza kalasi imodzi yokha ikugwiritsa ntchito maphunziro a Pearson aja. Deasy adatula pansi udindo mu October 2014, ndipo mu December a FBI adatenga zikalata zokhudza momwe kontirakiti idaperekedwera. Kumeneku ndiye kugula mbereko mwana asanabadwe.

Mooresville ndi tauni yaing'ono ku North Carolina, ya ana pafupifupi 5,500. Mark Edwards atakhala mkulu wa boma lija mu 2007, adayamba ndi aphunzitsi: iwo ndiwo adalandira malaputopu poyamba, n'kuphunzitsidwa, ana n'kumalandira pambuyo pake, makalasi ochepa kaye. Makinawo ankachita kubwereka pa mgwirizano wa zaka zingapo kuti akakalamba asinthidwe, ndipo makolo ankasonkha madola 50 pachaka, osauka n'kukhululukidwa. Ana omaliza sekondale adachoka pa 80 kufika pa 91 mwa 100 aliwonse pakati pa 2008 ndi 2011, pamene bomalo linali m'gulu la maboma owononga ndalama zochepa pa mwana aliyense mu North Carolina. Pulezidenti Barack Obama adapita kumeneko mu June 2013, mwezi womwewo umene a ku Los Angeles ankavomereza zawo.

Anzanga ena m'gulu lathu la WhatsApp adangoti basi, Mooresville ndiye chitsanzo. Ine ndikuti tisafulumire kuomba m'manja. Kuti ndalama zikwane, bomalo lidachotsa ntchito anthu ambirimbiri, aphunzitsi omwe, makalasi n'kukula. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsanso kuti kukwera kwa masamu sikudaoneke zaka zoyamba, kudabwera mochedwa ndipo kunali kwapakatikati. Komanso tauni ya sukulu zosakwana khumi, kumene mkulu angathe kulowa m'kalasi iliyonse pa mwezi umodzi, si yofanana ndi mzinda wa sukulu mazanamazana.

Pamene mutu wanga udakhazikika kwenikweni ndi pa mitundu inayi ya kuphunzira kophatikiza imene akafukufuku a ku America, Heather Staker ndi Michael Horn, adaisanja mu 2012. Itatu ndingoitchula: wina mwana amaphunzira zambiri pa kompyuta mphunzitsi n'kumathandiza pamene wakakamira, wina amatenga phunziro limodzi lokha pa intaneti ena onse m'kalasi, wina amabwera kusukulu masiku owerengeka. Wachinayi, wosinthana, ndi umene umatikhudza. Tiyerekeze kalasi ya ana 30. Mphunzitsi awagawa patatu. Khumi avala mahedifoni, aliyense akuchita masamu pa liwiro lake. Khumi ali pa ntchito ya pagulu. Khumi otsala azungulira tebulo la mphunzitsi, ndipo iye akudziwa kale kuti asanu mwa iwowa dzulo adalephera kuchotsera kobwereka, chifukwa kompyuta idamuonetsa. Pakatha mphindi 20 belu lilira, magulu asinthana. Phindu lalikulu la dongosololi lili pa tebulo paja. Makina angomugwirira mphunzitsi ana ena kuti iye apeze mpata woyang'ana mwana mmodzimmodzi m'maso. Ku Los Angeles adayankha funso loti mwana agwire chiyani, koma loti mphunzitsi azichita chiyani mwanayo akagwira adalisiya.

Kuno nkhaniyi si yachilendo. Mu 2013 bungwe la onebillion lidayesa matabuleti a masamu a m'Chichewa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham n'kupeza kuti ana adapindula. Kudzera mwa VSO, bungwe la anthu ogwira ntchito modzipereka, ntchitoyo idafalikira, ndipo kuyambira 2023 boma la Malawi likuikulitsa pansi pa pulogalamu yotchedwa BEFIT, ya ana a Sitandade 1 mpaka 4, matabuleti ake otchajidwa ndi sola. Pa sukulu ina imene ndidakaonerera, ana adakhala pa mkeka mizeremizere, aliyense tabuleti pamiyendo, chala chikukoka mango kuponya m'dengu. Kamtsikana kena kankanong'ona manambala kakutsatira mawu a m'mahedifoni, kosacheuka ngakhale mlendo atalowa. Zinali zokoma kuona. Nditatuluka ndidasuzumira m'kalasi mmene anawo adachokera. Munali anzawo ochuluka kuposa amene ndidawasiya pa mkeka, mtsogoleri wa kalasi ali ndi kandodo kutsogolo, aphunzitsi ali ku matabuleti. Mpata uja umene ku America amaugwiritsa ntchito pophunzitsa kagulu kochepa, apa unkangotayika. Sikuti aphunzitsiwo ndi aulesi ayi, munthu mmodzi sangakhale zipinda ziwiri. Imeneyi ndi nkhani ya taimutebulo ndi kagawidwe ka aphunzitsi, ndipo woikonza ndi ahedi, a PEA (alangizi a zamaphunziro a pa zoni) ndi ofesi ya kuboma, osati wopanga tabuleti.

Za kuphunzira kwa pa intaneti kokhakokha ndili nazo mantha. Kafukufuku wa bungwe la CREDO la ku yunivesite ya Stanford mu 2015 adapeza kuti ana a sukulu za charter (zolipiridwa ndi boma koma zoyendetsedwa ndi mabungwe apadera) za pa intaneti ankatsalira pa masamu ngati kuti ajomba masiku 180, chaka chonse cha sukulu. Komabe phunziro limodzi lokha la pa intaneti lili ndi malo ake. Florida Virtual School, sukulu ya pa intaneti imene idayamba mu 1997, idathandiza ana kutenga maphunziro amene sukulu yawo inalibe mphunzitsi wake. Ndikaganiza za CDSS ya kumudzi yopanda mphunzitsi wa fizikisi, ndikuona kuti pamenepo m'pamene intaneti ingagwire ntchito, bola pakhale munthu wamkulu m'chipindamo woona kuti ana akutsatira, ndi wolipira bandulo.

M'pepala limene ndapereka ndalemba kuti ofesi isasaine chilichonse isanaonetse taimutebulo ya sabata yonse yosonyeza kumene gulu lililonse lili ndi mphunzitsi amene ali nalo, masiku ophunzitsira aphunzitsi ana asanagwire makina, ndi dzina la munthu wa pa zoni wokonza zowonongeka. Alekichala andibwezera ndi funso limodzi m'mphepete: mabatire a sola akadzafooka chaka chachinayi, opereka thandizo atapita, ndalama yake idzachokera mzere uti wa bajeti? Ndayamba kuwerengera ngati thandizo la SIG, ndalama zotukulira sukulu zochokera ku boma, lingakwane, ndipo Lachisanu ndikukakumana ndi ahedi awiri kuti andionetse mabuku awo a ndalama.