Mmene ndinakwerera padenga kukakonza chumuni chathu mphepo itachigwetsa

Chumuni cha khitchini yathu chakonzeka, utsi wayambanso kutulukira kumwamba, ndipo ine ndatsika bwinobwino. Mtima wakhala pansi tsopano.

Chinayamba kung'aluka nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023, koma chinaimabe. Mphepo ya mkuntho yomwe imabwera ndi mvula zoyamba kuno kwa Ngabu ndi imene inadzamaliza: njerwa zapamwamba zinagwa, zina m'kati mwa chumuni, imodzi n'kuboola lata. Ife timaphika masikono ogulitsa, ndiye mayi a ana ankatsokomola mpaka misozi ndi utsi. Sizinali zodikira.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi makwerero. Ndinapita kwa bambo wina amene amabwereketsa makwerero ndi mawilibala. Anati K10,000 patsiku, yolipiriratu, ndipo ngolo yonyamulira ndidzionere ndekha. Ndinafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi afika padenga amenewa?" Iwo anati, "Musadandaule achimwene, amisiri amakwera nawo pa tchalitchi." Titafika kunyumba n'kuwaimika, sanafike ndi m'mphepete mwa malata momwe. Kuyang'anitsitsa, popondera pachitatu panali pothyoka, anangokulungapo linya n'kupakapo penti kuti pasaoneke. Munthu wamkulu kupereka chinthu chotere kwa mnzake amene akukwera nacho m'mwamba! Ndinawabweza tsiku lomwelo, dzuwa lili paliwombo, wangolo n'kumulipiranso kachiwiri. Ndalama yanga anakana kubweza, amvekere tsikulo ndalidya kale. Tsiku lathunthu linathera pamsewu, masikono osaphikidwa, makasitomala kubwerera. Ndalamayo ingapite, koma ndikadakwera pothyoka paja ndi ndowa m'manja, bwenzi pano tikunena zina.

Choncho musanapereke ndalama kwa aliyense, yezani khoma lanu ndi nsungwi, mupite nayo nsungwiyo. Makwerero azipitirira m'mphepete mwa denga ndi mita imodzi kuti pokwera ndi potsika muzikhala ndi pogwira. Gwedezani popondera paliponse ndi manja anu. Ine anandithandiza ndi aneba, anandibwereka awo a bulugama osandilipiritsa kanthu.

Poimika, pa mamita 4 aliwonse okwera m'mwamba, miyendo ya makwerero italikire mita imodzi kuchoka pakhoma. Dothi lathu lamakande mukulidziwa, likanyowa limaterera ndipo mwendo umodzi umatha kumira inu muli pamwamba. Ndinayala thabwa lolimba pansi, n'kukhoma zikhomo ziwiri kuti makwerero asatsetsereke, kumwamba n'kuwamangirira ndi chingwe ku mtanda wa denga. Alamu anga anaima pansi atagwira nthawi yonseyo. Musakwere muli nokha pakhomo.

Mukafika padenga, pondani pamzere wa misomali. Pamenepo ndi pamene pali matabwa kunsi. Pakati pa mizere pali lata lokha, ndipo malata a masiku ano ndi opyapyala, akachita dzimbiri ndiye basi. Ndinakweza thabwa lina lalitali n'kuligoneka modutsa mizere iwiri kuti ndizigwadapo pogwira ntchito. Komanso mphepo ikadutsa misomali ina imazuka, lata limaoneka lili m'malo koma silinagwire, ndiye yambani mwaliyesa ndi dzanja.

Ndaiwala za nthawi, zomwe kuchigwa kuno n'zofunika kwambiri. M'mamawa malata amakhala ndi mame, amaterera ngati mlamba. Dikirani aume. Koma musachedwenso, chifukwa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, pofika 9 koloko lata simungaligwire ndi dzanja, mutu umayamba kuzungulira. Mukangomva chizungulire tsikani, ntchito mudzamaliza mawa. Kukachita mitambo kapena kamphepo, musayese n'komwe. Valani nsapato za labala zomanga zingwe, osati masilipasi.

Chingwe cha m'chiuno musachimangirire ku chumuni, chifukwa chumunicho ndi chimene chikugwa. Changa ndinachiponya kudutsa pamwamba pa denga n'kukachimanga ku mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba, ndipo ndinachifupikitsa kuti chisandilole kufika m'mphepete. Chikakhala chachitali sichithandiza, munthu amagwa nacho.

Ngati muli ndi magetsi, onani pomwe waya wochokera papolo walowera. Kuzimitsa switchi yaikulu m'nyumba sikuzimitsa waya ameneyo, amakhalabe ndi moto. Imikani makwerero mbali ina, makamaka akakhala achitsulo.

Njerwa, matope ndi zida ndinkakoka ndi ndowa yomangirira chingwe, manja onse awiri azigwira makwerero pokwera. Ana ndi mbuzi tinathamangitsira kutali, chifukwa njerwa ikapulumuka m'manja imatsetsereka mpaka pansi. Moto tinazimitsa dzulo lake kuti chumuni chizizire.

Ntchito yeniyeniyo sinavute. Ndinachotsa njerwa zonse zogwedera mpaka ndinafika polimba, ndinavuula zomwe zinagwera m'kati pamodzi ndi mwaye, kenako n'kumanganso. Muyezo umodzi wa simenti, miyezo inayi ya mchenga wa kumtsinje wosefa. Madzi a mijigo ina kuno ndi amchere, amenewo musasakanizire simenti. Ine ndinagwiritsa ntchito amvula a mu diramu. Njerwa muzinyowetse musanaziike, apo ayi zimamwa madzi onse a m'matope ndipo sizigwirana. Pomwe chumuni chakumana ndi malata ndinadula kalata n'kukalowetsa pakati pa njerwa kuti mvula iziyenderera pamwamba, lata lobooka lija n'kulisintha. Pokhoma lata latsopano ndi pomwe munthu amaiwala n'kubwerera chafutambuyo osayang'ana. Pondani pamzere wa misomali, ndikubwerezanso.

Simenti imafuna kuthiriridwa pafupifupi sabata, ndipo ndi dzuwa lathuli ikauma msanga imang'aluka. Ndinakutira chumuni ndi chiguduli chonyowa, tinkaphikira panja pamafuwa, ndipo m'mawa uliwonse mame akauma ndinkakwera kukathira madzi, alamu atagwira pansi. Makwerero ndinawasiya omangirira sabata yonseyo, koma ndikatsika ndinkamanga lata lakale kutseka mopondera mwa m'munsi kuti ana asakwere.