Kodi "sindinamuonenso" ndi mawu angati?

Sabata yachitatu ino ndakhala pa kompyuta ndikuika zizindikiro pa ziganizo, liwu lililonse palokha: ili ndi dzina, uyu ndi mneni, uyu ndi mwininkhani, ili likudalira ilo. Maso amawawa, koma ntchitoyi ndimaikonda. Popanda zolemba zosanthulidwa chonchi sindingayankhe funso limene landigwira mtima kwa zaka: chinenero chimatani kuti wolankhula asatope, womveranso asasochere?

Katswiri wa zinenero George Zipf anaona mu 1935 kuti mawu otchulidwa kawirikawiri amakhala aafupi. Taonani "ndi", "pa", "ku", "wa". Mu 2011, Piantadosi, Tily ndi Gibson anapitirira pamenepo. Iwo anapeza kuti kutalika kwa liwu kumagwirizana kwambiri ndi mmene munthu angaliyembekezere atamva mawu am'mbuyo. Liwu lodziwikiratu silifuna maphatikizo ambiri. Kenako mu 2015, Futrell, Mahowald ndi Gibson anasanthula zinenero 37 n'kupeza kuti mawu odalirana amakonda kukhala moyandikana, kuti womvera asasunge zambiri m'mutu. Kafukufuku wotereyu amatheka chifukwa anthu anakhala pansi n'kusanthula ziganizo masauzande ambiri, monga zimene zili mu Universal Dependencies, nkhokwe ya ziganizo zosanthulidwa momwe muli zinenero zoposa 100.

Pamene pandivuta ine ndi apa. Kompyuta imawerenga liwu poona mpata pakati pa zilembo. "Sindinamuonenso" imaliwerenga ngati liwu limodzi lalitali, losowa, pomwe mkati mwake muli kukana, mwininkhani, nthawi, pamtherankhani, tsinde ndi "nso". Chimenechi ndi chiganizo chathunthu! Ndipo mpatawo ndi nkhani ya kalembedwe chabe. Mzulu amalemba "ngiyakuthanda" pamodzi, Mtswana amalemba "ke a go rata" motalikitsa, koma onse akunena "ndimakukonda", ndipo kamangidwe kake n'kofanana. Ukangowerenga mipata, unganene kuti zinenero ziwirizi zimasunga mphamvu mosiyana kwambiri, pomwe chasiyana ndi cholembera.

N'chifukwa chake ndayamba kuduladula aneni onse m'zigawo zawo, ngakhale zikundichedwetsa kwambiri. Ndikufunanso kuwerenga kuti ndi kangati pamene wolemba amati "ine ndabwera" m'malo mongoti "ndabwera". Ndikuganiza kuti "ine" amatulukira pokhapokha pamene pali wina woti asiyanitsidwe naye, koma ndidikira kaye kuti ziganizozo zindiuze zokha.