Mayi anga ndi tchati cha masoseji

Ntchito yanga ndi kusandutsa manambala kukhala zithunzi zoti munthu wamba amve. Koma wondiwongola pa ntchitoyi ndi mayi anga, amene sanagwirepo kompyuta.

Mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inalengeza kuti kudya magalamu 50 a nyama yokonzedwa kufakitale, monga masoseji, tsiku ndi tsiku kumawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi 18 peresenti. Ndinajambula tchati cha mitundu isanu, ndikudzichemerera mumtima. Nditawaonetsa pafoni, anachiyang'anitsitsa, kenako n'kufunsa:

"Ndiye kuti pa anthu 100 alionse, 18 adwala?"

"Ayi amayi, si choncho."

"Nanga chikunena chiyani chinthu chakochi?"

Ndinasowa pogwira. Ndinali nditaonetsa 18 peresenti osanena kuti ndi ya chiyani. Ku Britain, pa anthu 100 alionse, pafupifupi 6 amadwala khansayi nthawi ina pa moyo wawo. Onse atamadya nyamayo tsiku lililonse, odwala angakhale 7. Kuchoka pa 6 kufika pa 7, nkhani yonse ndi imeneyo.

Usiku womwewo ndinafufuta zonse. Ndinajambula tianthu 100, mizere khumi ya khumikhumi. Tisanu ndi kamodzi ndinatipaka zakuda, kamodzi zofiira, totsalato n'kutisiya totuwa. Ndinkachita nacho manyazi chithunzicho, chifukwa chinkaoneka ngati cha mwana wa sitandade 1.

Kuchotsa kumawawa kuposa kuwonjezera, ndipo ambiri a ife timapanikiza zinthu pa tchati poopa anzathu a ntchito, osati poganizira wowerenga. N'chifukwa chake ndimachita kaduka ndi Ed Hawkins, katswiri wa zanyengo wa ku yunivesite ya Reading ku Britain. Mu 2018 iye anasonyeza kutentha kwa dziko ndi mikwingwirima yokhayokha: chaka chilichonse mzere wake, wabuluu ngati chinali chozizirirapo, wofiira ngati chinali chotentha. Palibe nambala ngakhale imodzi, koma diso likamayenda kupita kumanja limangoona moto ukukolera.

M'mawa mwake ndinawapatsanso foni mayi. Anawerenga tianthuto ndi chala, mzere ndi mzere, n'kuima pa kofiirako.

"Ooh, wowonjezereka ndi mmodzi yekha?"

"Eya, mmodzi."

Anakhala chete pang'ono, chala chili pomwepo.

"Komatu mmodziyu ndi mwana wa munthu," anatero, n'kundibwezera foni.