Gorgonian wanga watsegulanso, vuto linali kutentha

Anzanga a matanki a madzi amchere, gorgonian wanga wa mtundu wa Antillogorgia, nyama ya m'nyanja yooneka ngati kamtengo ka nthambi, amene anadwala n'kumandidandaulitsa, watulutsanso mapolipu (tinyama tating'ono tokhala m'nthambimo) thupi lonse, ndipo pamene ndinadula nthambi yodwala payamba kale kuphimbika. M'mawa muno magetsi a tanki atangoyaka ndinaona timapolipu tiwiri pachilonda penipenipo tikugwedezeka ndi wavemaker, kapampu kopanga mafunde.

Zinayamba Okutobala atafika pachimake. Nthambi ya m'munsi inachita banga la pepo, kenako mnofu unayamba kusupuka, kamtengo kakuda ka m'kati kaja kukhala poyera, ndere nazo osachedwa kukhazikikapo. Amene munawerengapo za aspergillosis, matenda obwera ndi chuku, mukudziwa kuti mtima ukaona zimenezi umagwa. Matenda amenewa anasakaza ma sea fan (ma gorgonian ooneka ngati chokupizira) a ku Caribbean, makamaka Gorgonia ventalina ndi Gorgonia flabellum, kuyambira cha m'ma 1995. Mu 1996 akatswiri anapeza kuti ndi Aspergillus, ndipo mu 1998 anatsimikiza kuti ndi Aspergillus sydowii, kachuku kopezekanso m'dothi la kumtunda kuno. Ndi banja limodzi ndi chuku chija chimaononga mtedza wathu ukasungidwa ponyowa, Aspergillus flavus. Ena ankati kanafika ndi fumbi louluka kuchokera ku Sahara, koma pambuyo pake kanapezekanso pa ma sea fan athanzi bwinobwino. Ndiye kukhalapo kwake kokha si nkhani, nkhani ndi yoti nyamayo yafooka kapena ayi.

Apa ndiye pamene panandidyera masiku. Mchere unali pa 1.025, nitrate bwino, skimmer ikukoka zinyalala m'madzi monga mwa nthawi zonse, carbon watsopano. Ndinamuviika mu Lugol, mankhwala a ayodini, banga likukulabe. Chosintha chinali chimodzi basi: masana madzi ankakwera kufika madigiri 30, makamaka magetsi akazima, chifukwa nyumba yathu ya ku Area 25 ndi yamalata opanda siling'i. Tsono 30 ndi pamene kachuku kameneka kamakula mofulumira, komanso kafukufuku anaonetsa kuti mankhwala achilengedwe a m'thupi mwa sea fan sakagwira mokwanira madzi akafunda chonchi. Drew Harvell wa ku Cornell ndi Kiho Kim anathera zaka akutsata zimenezi ku Florida Keys.

Ndipo pepo uja tisamamude. Nyamayo ndi imene ikumenya nkhondo: timaselo totchedwa amoebocyte timakhamukira pachilonda, pamaikidwa khoma la melanin lotsekera ulusi wa chuku, ndipo ma sclerite (timinga tolimba ta m'mnofu mwake) a mtundu wa pepo amachuluka pamenepo. Zamoyo zimenezi zili ndi famase yake m'thupi. Antillogorgia elisabethae wa ku Bahamas amatulutsa pseudopterosin, amene amaikidwa mpaka m'mafuta odzola chifukwa amachepetsa kutupa. Kwa ine, kuthira mankhwala a m'botolo mu tanki yotentha n'kutaya ndalama. Ziziritsani madzi kaye, nyamayo ipeze mpata wodziteteza.

Ndinadula nthambi ya banga ija pomwe mnofu unali udakali wathanzi, n'kumata pachilonda ndi kadontho ka supa gulu wa jelo. Kenako mafani awiri a kompyuta pamwamba pa sump (katanki kosefera madzi), olumikizidwa ku batire ya sola. Ndinawagula kwa mnyamata wina wokonza malaputopu ku Old Town, yemwe uja anandipezera pampu nthawi imene ndinkaweta mbuna. Munthu ameneyo akati mawa, ndi mawadi. Mbuna zija ndimazisowa nthawi ngati ino, zinkapirira chilichonse, madzi a pampopi okha basi. Masana kukaotcha kwambiri ndimaponyamo mabotolo a madzi a RO (osefedwa kotheratu) oundana. Pano sakudutsa 27. Kuipa kwake, mafani amauma nawo madzi, ndiye m'mawa ndi madzulo ndimakhala ndi jagi m'manja kuwonjezera, apo ayi mchere ukwera. Mayi a kunyumba ayamba kale kufunsa za malo a nyama mufiriji chifukwa cha mabotolo aja.

Wina anandifunsa ngati ndingamupezere Gorgonia ventalina weniweni. Ayi, achimwene, ku Florida n'koletsedwa kumuthyola, ndipo ine sindingayese.

Kanthambi kodwala kaja sindinataye, ndakasunga m'kabotolo. Ndikufuna kupeza agar ndi ma petri dish, zomeretsera chuku mu labu, kuti ndione chimene chimere, mwina wina wa mu labu andibwereke maikulosikopu Loweruka lina. Mchere wochokera ku Johannesburg ukafika pa basi ndiyamba tanki yachiwiri, ya ma gorgonian okhaokha, ya malita 400 kapena kuposerapo, yokhala ndi chiller (makina oziziritsa madzi) yoyendera sola. Amene ali ndi chiller yakale yongokhala andiuze mtengo.