Befu la mu raundi yachiwiri

Patha masabata awiri chigonjereni pa mpikisano wa nkhonya ku Lilongwe, ndipo lero ndi pomwe mtima wakhala pansi kuti ndilembe. Ndinagonja pa mapointi, majaji onse anapatsa mnzangayo. Sindikuwada, ndikanakhala pampando wawo nanenso ndikanatero.

Chomwe chinkandisowetsa tulo n'chakuti ulendo uno ndinakonzekera kuposa kale lonse. Masabata asanu ndi atatu ndinkadzuka 4 koloko m'mawa kuthamanga chitunda chakwathu mpaka m'munsi mwa phiri la Soche. Madzulo kudumpha chingwe mphindi 15, kumenya thumba maraundi 6, sparring (kumenyana koyeserera) kawiri pa sabata ndi anyamata ondiposa sikelo. Ku jimu ndimamaliza zonsezi n'kupalasa njinga kupita kunyumba ndikuimba likhweru. Pampikisano maraundi ndi atatu okha, lililonse mphindi zitatu. Koma belu lomaliza raundi yoyamba litalira ndinakhala pa kampando ndili wefuwefu, akochi akulankhula ine ndikungoona milomo ikuyenda. Mu raundi yachiwiri magolovesi a 10 oz analemera ngati ndowa za madzi, gadi inatsika yokha, jab, nkhonya yowongoka ya dzanja lakutsogolo, ikupita ngati ndikupereka moni.

Poyamba ndinanamizira sikelo. Ndinali ndi makilo awiri owonjezera, ndiye masiku atatu omaliza ndinkathamanga nditavala pulasitiki mkati mwa juzi, madzi ndikumwa ongonyowetsa kukhosi. Zimenezo zinandipwetekadi, thupi louma silichedwa kutopa. Koma mtima sunakhutire, chifukwa chaka chatha ndinachitanso chimodzimodzi ndipo ndinafika raundi yachitatu ndikuvinabe.

Yankho linali mu vidiyo yomwe mnzanga anajambula pa foni. Ndinaionera masiku anayi, ndikuyang'ana mapazi, ndikuyang'ana mnzangayo, osaona kanthu. Tsiku lachisanu ndinachepetsa liwiro n'kuyang'ana nkhope yanga yokha. Abale, sindinkapuma! Nsagwada zaluma gumshield, kotetezera mano kaja, ngati ndikuswa nzimbe, mapewa akwera mpaka m'makutu, zibakera zafumbatidwa zolimba ngakhale pamene sindikumenya. Kaja ka "tss, tss" komwe ndimatulutsa pa thumba sikanamveke ngakhale kamodzi mphindi yoyamba yonse. Ndinkaponya nkhonya zisanu, zisanu ndi imodzi, mpweya nditautsekera m'chifuwa, kenako n'kuukoka ndi pakamwa ngati munthu wovuuka m'madzi.

Ku jimu palibe amene amakuopsa. Ukumenyana ndi munthu amene mawa mudzagawana chipisi. Koma ukamva khamu likukuwa dzina la mnzako, adrenaline amakwera, mtima umayamba kuthamanga belu lisanalire, minofu yonse imakungika, ndipo mnofu wokungika umadya mpweya ngakhale sukugwira ntchito. Onjezani phuma lofuna kumugwetsa msanga kuti anthu akuone. Mphamvu za maraundi 6 ndinazimwaza m'mphindi ziwiri.

Akochi nditawaonetsa anangoseka. Amvekere, "Iwe, ngakhale Foreman zinamuchitikira." Ndinakaionanso nkhonya ija ya George Foreman ndi Muhammad Ali ya ku Kinshasa ya pa 30 October 1974. George Foreman anali ndi zaka 25, asanagonjepo, atagwetsa Joe Frazier ndi Ken Norton aliyense mu raundi yachiwiri. Muhammad Ali anangotsamira zingwe n'kumusiya aponye mabomba ake m'mikono ndi m'nthiti. Tayang'anani Foreman kuyambira raundi yachisanu, nkhonya zikuyenda ngati zili m'phala. Mu raundi ya 8 anagwa. Koma chomwe chandigwira mtima ndi Foreman wa 1994, uja anagwetsa Michael Moorer mu raundi ya 10 ali ndi zaka 45 n'kutenganso lamba. Mkulu wamimba, woyenda pang'onopang'ono, pakati pa maraundi osakhala n'komwe pansi, mapewa ali lende. Wa zaka 25 uja anali wamphamvu kuposa uyu, koma uyu ankapuma.

Za manyazi sindibisa. Masiku anayi aja ku jimu sindinapondeko, njira ndinkalambalala kuopa ana a m'dera omwe ankanditcha champion. Mayi anangondiyang'ana diso lotupalo n'kunena, "Mwanawe, mpira unakulakwira chiyani?" Anandibweza ndi akochi, anabwera okha pakhomo n'kundiuza kuti mawa ndikapezeke, ndipo ndisatenge magolovesi.

Tikunena za magolovesi, a 14 oz omwe ndinatola pa kaunjika ku Limbe zaka zitatu zapitazo akadali moyo, chikopa chenicheni, pomwe atsopano a m'shopu anang'ambika pa chala chachikulu miyezi iwiri isanathe. Mukapita m'mawa bhelo likangotsegulidwa mumapezanso mabandeji abwino. Gumshield yokha musagule yakale chonde. Yanganso ndaiviika kachiwiri m'madzi otentha kuti igwire mano bwino, chifukwa inkagwedera ndipo mwina n'chifukwa china chomwe ndinkailumira.

Sabata yonse yatha ndakhala ndikumenya mthunzi basi, manja otambasula, kufumbata pokhapokha nkhonya ikufika, mpweya kutuluka pa nkhonya iliyonse. Zimaoneka zachibwana. Dzulo akochi anaitana ana aja ndi anyamata a kabaza a pa siteji kuti adzadzaze jimu n'kumandikuwiza pa sparring, aliyense akuchemerera mnzangayo. Mtima unagunda ngati ku Lilongwe komwe, mapewa anayamba kukwera, koma ndinadzimva ndekha n'kuwatsitsa. Maraundi atatu anatha ndikumva zonse zomwe akochi ankanena pakona. Pa raundi yachinayi befu linabwera ndithu.

Sikelo ndiyamba kuitsitsa mwezi wathunthu mpikisano usanafike, za pulasitiki ndasiya. Mnyamata uja ndikumufunanso chaka chisanathe, kwawo komweko. Akochi akuti ndiyambe ndamenya nkhonya ziwiri zing'onozing'ono kuno, koma ine maso ali kale pa mpikisano wa dziko lonse.