Matenda a m'munda wa fodya amene timangowatcha malungo

Kuno ku Kasungu, kuyambira Januwale mpaka Marichi, pachipatala chaching'ono pomwe ndimagwira ntchito pamadzaza anthu odandaula mutu, chizungulire ndi kusanza. Ambiri amakhaladi ndi malungo, poti ndi dzinja ndipo udzudzu uli ponseponse. Koma pali gulu lina limene ndimaliona chaka ndi chaka. Tikabaya chala n'kuyeza magazi, malungo osapezeka. Thupi silinatenthe, koma munthu ali lefu, thukuta lili kamukamu, akuti mtima ukugunda mwachilendo. Zikhatho zili bii ndi utomoni uja wa fodya, malaya akadali onyowa m'khwapa. Ndikafunsa kuti, "Kodi bambo, m'mawawu munali kuti?" yankho limakhala limodzimodzi: "Timathyola fodya, adokotala."

Chawadwalitsa ndi nikotini, poizoni yemweyo wa mu ndudu. Nikotini amasungunuka m'madzi. Tsamba laliwisi likanyowa ndi mame kapena mvula, madziwo amatenga nikotini, ndipo khungu la munthu limamwa. Tsono taganizani mmene timathyolera fodya wa bale. Timalawirira mame asanakamuke, kulowa m'mizere fodya atafika m'chifuwa, masamba n'kumawapanira kukhwapa komwe khungu lake ndi lofewa. Dzuwa likamakwera malaya anyoweratu, ndipo munthu akhala nawo choncho mpaka madzulo akusoka fodya m'chigafa. Poizoni amangolowa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ambiri amayamba kusanza masana kapena usiku ataweruka kale, ndiye saganizako zoti gwero lake ndi kumunda. Ena amathamangira kugolosale kukagula mankhwala a mutu, ena amayamba kukayikira anzawo kuti awalodza.

Kawirikawiri matendawa amatha okha pakapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu, bola munthu achoke m'fodyamo, asambe ndi sopo, asinthe zovala ndi kumwa madzi ambiri. Choopsa ndi kutha madzi m'thupi chifukwa cha kusanza, makamaka kukatentha. Ndipo poti amatha okha, palibe amene amawalabadira. Mkucha munthuyo wabwerera m'mizere momwe muja.

Sikuti aliyense amadwala mofanana. Amene amasuta kapena kununkhiza fodya matupi awo anazolowerako nikotini, choncho sagwa msanga (musandimve molakwa, kusuta si katemera, kuli ndi manda akeake). Amene amagwa kwambiri ndi aganyu ongoyamba kumene, amayi osasuta, anthu a zilonda kapena ming'alu m'manja, ndiponso ana. Za ana ndiye zimandipweteka mtima. Thupi ndi laling'ono, msinkhu ndi waufupi, ndiye masamba onyowa amamukhudza kumaso ndi m'khosi momwe. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno ku Malawi, ndipo linati tsiku lachinyezi mwana angathe kumwa kudzera pakhungu nikotini wofika mamiligalamu 54, wofanana ndi wa ndudu pafupifupi 50. Malamulo athu a ntchito amaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, komanso kupatsa ntchito yoopsa wosafika zaka 18, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Koma banja likapatsidwa ndime yoti lithyole fodya asanapserere, bambo amadzutsa nyumba yonse. Mwanayo sanalembedwe m'buku la kapitawo aliyense, ndiye akadwala palibenso amene amati wadwalira pantchito.

Poizoni wachiwiri ndi mankhwala opopera, ndipo uyu ndiye amapha. Nyengo yake imayamba kale, kunazale cha mu Seputembala ndi Okutobala, n'kupitirira fodya akawokeredwa. Chibwerereni mbozi zija zinavuta m'chimanga kuyambira 2017, ngakhale alimi amene kale sankagwira sipuleya ayamba kupopera. Njira zimene mankhwalawa amalowera m'thupi ndi zomwezomwezo. Sipuleya yodontha imanyowetsa msana tsiku lonse. Wina amatakasa mankhwala m'ndowa ndi dzanja. Kamlomo ka sipuleya kakatsekeka, munthu amakachotsa n'kukauzira ndi pakamwa. Wina amapopera moyang'anizana ndi mphepo dzuwa lili paliwombo, kenako n'kukhala pansi kudya chimanga chootcha osasamba m'manja. Ndipo ntchito yopopera nthawi zambiri amapatsidwa mnyamata waganyu wotsika mtengo, amene sanauzidwepo kuti mzere wofiira pabotolo ukutanthauza kuti mankhwalawo ndi oopsa kwambiri.

Mnyamata wina anabwera naye pa njinga ya kabaza anzake atamugwirira mbali zonse. Dovu likungotuluka, misozi, thukuta, m'chifuwa mukulira ngati mphika wa phala ukuwira. Nditamuunika m'maso, timwana ta maso tinali titachepa zedi. Zimenezi ndi zizindikiro za mankhwala a gulu la organophosphate, monga dimethoate ndi chlorpyrifos. Amatseka chinthu china cha m'thupi chimene chimaletsa mitsempha kugwira ntchito mopitirira, choncho thupi limangotulutsa madzi paliponse mpaka mapapo kudzaza. Tinamuvula zovala, kumusambitsa, kumubaya mankhwala olimbana ndi poizoniyu otchedwa atropine ndi kumutumiza kuchipatala chachikulu. Anachira. Botolo limene anzake anabweretsa linali la chakumwa choziziritsa kukhosi, lopanda chizindikiro chilichonse, logulidwa pamsika kwa munthu wopungulira. Bungwe la Pesticides Control Board ndi limene limavomereza mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa, koma patsiku la msika timabotolo totere timayalidwa poyera pambali pa tomato.

Palinso mapiritsi ofukizira chimanga m'nkhokwe zikuluzikulu, amene akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha wa phosphine. Mlonda wogona m'chipinda chogundizana ndi matumba ofukizidwa ali pangozi ngakhale sanagwire piritsi ndi limodzi lomwe.

Eni minda ena amati zovala zodzitetezera n'zodula ndipo antchito sazifuna chifukwa zimatentha. Kutenthako n'zoona, ine sindikana. Koma lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito linaika udindo wopereka zovala zotere pa olemba ntchito, ndipo munthu amene amatumiza mabelo ku Chinkhoma kapena ku Kanengo sangalephere kugula magolovesi, majombo, sopo ndi mgolo wa madzi woika kumapeto kwa munda. Zina sizifuna n'khobiri lomwe: kudikira kuti mame akamuke musanalowe m'fodya, kusiya kuthyola mvula ikangokata kumene, kukhala ndi malaya achiwiri osinthira, kupopera m'mawa kapena madzulo mphepo ili kumsana. Ndaonapo amayi ena ataboola pepala lapulasitiki la m'thumba la feteleza n'kulivala pamwamba pa malaya. Likatsukidwa bwino limathandizako ndithu, ngakhale thukuta lake ndi losasimbika.

Chimene ndimapempha kwambiri ndi ichi: wina akagwa ndi mankhwala opopera, musamumwetse mkaka, mazira aawisi kapena madzi amchere kuti asanze. Mkaka suchotsa poizoni, ndipo masanziwo akalowa m'mapapo zinthu zimaipiraipira. Muvuleni zovala zonyowazo, inu mutavala mapepala apulasitiki m'manja, mumuthire madzi ambiri ndi sopo, mumugoneke cham'mbali, n'kuthamangira naye kuchipatala. Botolo la mankhwalawo mulitenge, ngakhale likhale lopanda dzina, ndipo mukafika muuze adokotala ntchito imene amagwira ndi nthawi imene anayamba kupopera.